Pakati pa Milongoti Iwiri

Mwamuna wa mdzukulu wanga amakwera milongoti ya mafoni. Mwezi wathawu anabwera kuno ku Tsangano pa ntchito yake, ndipo tsiku lonse anali kuyendayenda mumsewu ndi kachipangizo m'manja, kuima apa, kulemba, kubwerera, kuimanso. Nditamufunsa chimene wataya, anaseka n'kundiuza kuti akufufuza pamene mawu a milongoti iwiri amakumanirana. Akuti masiku ano amamwaza timaeriyo tambiri m'malo osiyanasiyana, tonse n'kumalankhula chinthu chimodzi nthawi imodzi, kuti munthu asasowe netiweki akakhota phiri. Koma akuti pamalo pamene mawu a milongoti iwiri afika ndi mphamvu yofanana, umodzi ukangochedwa pang'ono, mawuwo amamenyana. Anafanizira ndi amayi awiri osinja mumtondo umodzi. Akasemphana kaponyedwe, minsi imagundana m'mwamba, chimanga osasinjika.

Iye ankafotokoza ngati nkhani ya ntchito basi. Ine tiyi anandizizirira m'kapu, pakuti malo oterowo ndimawadziwa.

Zinali m'zaka za chipani chimodzi, nkhondo ya kutsidya kwa malire ili mkati. Ine ndinali kalaliki pamsika wogulira mbewu. Moyang'anana ndi msikawo panali sitolo ya mnzanga wina, Msilamu, amene bambo ake anakwera kuno kumapiri kalekale ndi makina osokera pamutu. Ankagulitsa mchere, sopo, palafini, singano ndi mabatire. Iye ankanditchula akalaliki, ine ndinkati achimwene. Kwathu tinkaweta nkhumba, choncho ndiwo za kunyumba kwanga sankazilawa, koma tiyi wa m'mawa tinkamwera limodzi pakhonde la sitolo. Ankakonda kuuza mkazi wake kuti kapu yanga itsukidwe kawiri, ine n'kumamubwezera kuti sikelo yake yoyezera mchere nayo ikufunika kulapa.

Mnzangayo anali ndi wailesi yaikulu kuposa zonse pamsikapo, yodya mabatire ngati ng'ombe ya kudambo. Chifukwa cha ukuluwo inagwidwa ntchito imene mwini wake sanapemphe. Mtsogoleri wa dziko akamalankhula pa wailesi, malonda ankaima, chigayo chinkazimitsidwa, ndipo wailesi ya kusitolo inkatulutsidwa pakhonde, patebulo loyala nsalu yoyera. Anthu tinkakhala pansi, abambo zipewa zili m'manja, achinyamata a chipani akuzungulira kumbuyo ndi ndodo. Ine ndimasunga pepala lililonse limene linadutsa m'manja mwanga, ndipo ndafufuza m'makalata onse a nthawi imeneyo: lamulo lotero silinalembedwe paliponse. Koma palibe lamulo lolembedwa limene tinalisunga ngati limenelo.

Poyamba mawu ankachokera ku mlongoti wakutali chakumpoto. Ankafika ofooka, osakanikirana ndi mkokomo ngati mvula pamalata, koma munthu ankamva. Mnzanga anamangirira waya kunsonga ya nsungwi pafupi ndi denga, ndipo zinkathandiza. Kenaka aboma anamanga mlongoti watsopano paphiri lina chakum'mwera. Kukacha bwino tinkauona ukunyezimira. Tinauzidwa kuti ndi mphatso ya chitukuko, kuti tsopano aliyense azimva bwino, ndipo tinaimbira m'manja. Sanali mabodza okhaokha. Obwera kuchokera ku Mlangeni ankati kwawo wailesi yayera ngati munthu ali m'nyumba momwemo.

Kwa ife zinatembenuka. Mawu anayamba kubwera awiriawiri, ngati munthu akulankhulira m'mgolo. Ankafufuma, n'kumira, n'kutulukanso akunjenjemera. Nyimbo tinkapirira nazo. Koma pa mauthenga a maliro dzina la mudzi linkamezedwa, moti banja lina linakafika kumaliro a mlamu wawo manda atafotsera kale. Aliyense anayamba kukayikira wailesi yake. Ena ankaimenya pambali, ena ankayanika mabatire padzuwa. Kuti vuto lingakhale ku mlongoti watsopano, amene anaganiza choncho anaganizira mumtima.

Ndiye linafika tsiku limene mtsogoleri analankhula. Chiyambi chinamveka ndithu. Atafika pakati, pamene ankadzudzula anthu aulesi, mawu anagawanika n'kuyamba kunthunthumira, ndipo panatuluka kulira kumene aliyense woweta mbuzi amakudziwa. Palibe anaseka. Izi ndikunena molumbira, palibe ndi mmodzi yemwe. Koma bambo wina wogulitsa kachewere anatsokomola kwa nthawi yaitali kuposa chifuwa chilichonse, ndipo mapewa a amayi angapo ankagwedezeka nkhope zili pansi.

Tcheyamani wa chipani pamalopo ndinaphunzira naye kalasi imodzi. Sanali chitsiru, ndipo sindinganene kuti anabadwa wankhanza. Anali munthu wamantha amene anapatsidwa ndodo. Ankadziwa kuti pakati pa anthu okhala pansiwo panali wina woti akanena kuboma kuti mawu a mtsogoleri ananyozedwa iye ali pompo. Zolankhula zitatha anaimirira, nayandikira tebulo, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Achimwene, wailesi yanuyi mwaidyetsa chiyani?"

Mnzanga anayankha kuti mabatire okha, atsopano, otsegula m'mawa womwewo. Tcheyamani anafunsa kuti mabatirewo achokera mbali iti ya malire. Funso limeneli linali ndi mano. Aliyense ankadziwa kuti ochita malonda ankawoloka, ndipo masiku amenewo munthu wowoloka ankatha kutchedwa chilichonse.

M'mawa mwake achinyamata anabwera ndi mpeni n'kutsegula wailesi kumbuyo. Anapezamo fumbi ndi mazira a mphemvu. Ine ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo, koma kusapeza kanthu kunawonjezera mlandu. Anati ndiye kuti chinthucho anachibisa mwaluso. Tcheyamani ananena kuti pakubwera tsiku la chikondwerero cha dziko, mtsogoleri adzalankhulanso, ndipo kudzakhala mlendo wochokera kuboma. Wailesi ikadzaliranso motero, wofunsa mafunso sadzakhala iyeyo.

Madzulo a tsikulo mawailesi onse pamsika anafa. Aliyense amene ndinamufunsa ankati yake inatha mabatire kalekale, kapena anaipereka kwa mphwake wa kutauni. Ine ndinatenga yanga yaing'ono n'kupita nayo kwa tcheyamani. Ndinaitsegula pakhomo pake, ndipo inabwebweta chimodzimodzi. Ndinamuuza kuti aone yekha, vuto si la wailesi ya kusitolo. Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu.

"Akalaliki, mukufuna nditumize maina awiri? Kapena mukundiuza kuti mlongoti umene tinapatsidwa ndi wowonongeka? Nenani bwino, ndimve."

Pamenepo ndinaona mmene msampha unatcheredwera. Kunena kuti wailesi ndi yolakwa kunali kupereka mnzanga. Kunena kuti mlongoti ndi wolakwa kunali kunyoza mphatso ya mtsogoleri, mlandu woposa woyambawo. Pakati pa ziwirizi panalibe poponda.

Lamulungu masana, nditabwera kutchalitchi, ine ndi mnzanga tinanyamula wailesi ija n'kuyamba kuyenda nayo. Okumana nafe tinkawauza kuti tikupita nayo kwa wokonza. Tinkayenda pang'ono, n'kuitsitsa, n'kumvetsera, ndendende mmene mwamuna wa mdzukulu wanga amachitira lero ndi kachipangizo kake, kungoti iye amalipidwa. Pakhonde inkabwebweta. Pamsika chimodzimodzi. Pabwalo la mpira inkachita ngati ikufuna kuchira, kenaka n'kubwerera. Tinatopa, manja anawawa, n'kubwerera kudzera kuseri kwa sitolo, kumene malo amatsetsereka kumunsi kwa thanthwe lalikulu. Mnzanga anaitsitsa pansi kuti asinthe dzanja.

Mawu anatuluka oyera. Mayi wina ankaphunzitsa za kasamalidwe ka nkhuku, ndipo tinamva ngakhale kupuma kwake. Chigulireni wailesiyo sinalankhulepo bwino chotero. Ndinakweza maso kufuna mlongoti watsopano, koma thanthwe linali litaubisa. Tinabwerera kumtunda mpaka nsonga yake inaonekera, mawu n'kugawanika. Tinatsikanso, n'kuyera. Za minsi yogundana sitinkazidziwa, koma tinaona kuti wailesi ikamva mlongoti umodzi imachira.

Mnzanga anaseka koyamba chiyambireni nkhaniyi. Anaitana mkazi wake kuti adzamve. Mayiyo anabwera akupukuta manja, anamvetsera, kenaka anayang'ana kumanzere ndi kumanja. Kumanzere kunali khola la mbuzi. Kumanja kunali chimbudzi.

"Ndiye mukaike mawu a mwini dziko pamenepa? Mlendo wa kuboma mukamukhazike moyang'ana chitseko icho?"

Kuseka kunathera pomwepo. Tinayesa kusuntha uku ndi uku, koma malo abwinowo anali ang'ono, osakwana ndi mphasa zingapo, ndipo onse anali pakati pa khola ndi chimbudzi. Kusamutsa khola kukanatheka. Chimbudzi sichisamuka fungo lake m'masiku ochepa, ndipo mudzi wonse ukanakumbukira chimene chinali pamenepo.

Komabe mnzanga anapita kwa tcheyamani, chisoti chili m'manja, kukamupempha kuti adzangomva. Tcheyamaniyo anabwera yekha, masana anthu ali kumunda. Anaima pamalopo n'kumvetsera nthawi yaitali. Ndinaona pankhope pake kuti wamva chimene ife tinamva, ndipo wadziwa kuti mnzanga alibe mlandu. Kenaka mbuzi inalira m'khola. Anadzidzimuka ngati wapsa, n'kutiuza kuti aliyense wonena kuti iye anaimapo pamenepa adzaona. Mwambo udzachitikira pakhonde, poyera, monga mwa nthawi zonse.

Koma anabwera ndi mankhwala akeake. Anati vuto ndi waya uja, kuti uli pansi kwambiri. Mawu a mtsogoleri amachokera kumwamba, ndiye sangalandiridwe ndi kansungwi kofanana ndi koyanikira zovala. Analamula kuti adule bulugama wamtali kuposa onse, amuimike kutsogolo kwa sitolo, waya ukwere pamwamba pa madenga onse, mbendera ikhale pansonga. Achinyamata anagwira ntchitoyo akuimba. Anthu ambiri anavomereza kuti ndi nzeru, pakuti kuyambira kale tinkadziwa kuti waya ukakwera wailesi imamva bwino. Zinali zoona pamene mlongoti unali umodzi. Tsopano waya unakwera kukaonana maso ndi maso ndi milongoti yonse iwiri, popanda denga kapena mtengo wotchinga.

Titalumikiza, zinaipiratu. Ndinamuuza tcheyamani pamaso pa anthu kuti waya wamtaliwu wawonjezera matenda, kuli bwino autsitse. Anayankha kuti awa ndi mapologalamu wamba, pa tsiku lenilenilo akuluakulu amawonjezera mphamvu ndipo zonse zidzayera. Sindidziwa ngati ankakhulupirira. Mtengo unali utaimikidwa kale ndi nyimbo, mbendera ili pamwamba, ndipo kuutsitsa kukanakhala mlandu wachitatu.

Masiku otsalawo mnzanga ankagulitsa monga kale, koma tiyi wathu tinkamwa mwakachetechete. Mkazi wake anamuuza kuti aigwetse wailesiyo pamwala, anene kuti yagwa mwangozi. Iye anati wailesi yofa sabata ya chikondwerero ndi kuvomera mlandu. Mlamu wake anamuuza kuti awoloke. Malire anali pafupi, koma kutsidyako kunkamveka mfuti ngakhale masana, ndipo anthu a kumeneko ndiwo ankathawira kwa ife, atanyamula mitolo pamutu. Mnzanga anati sangasiye manda a bambo ake chifukwa cha mlandu umene sanapalamule.

M'mawa wa tsikulo anandipatsa chitini cha mabisiketi. Munali laisensi ya sitolo, makhadi a chipani a banja lonse, a chaka chilichonse osadumpha, ndi lisiti ya wailesi. Anati, "Akalaliki, inu simutaya pepala." Ndinafuna kumuseka kuti akufulumira kulongedza, koma ndinangolandira chitinicho.

Kunali mphepo yozizira ya mwera, yodula makutu. Anthu anadzaza msewu. Mlendo wa kuboma anafika pa galimoto, n'kukhazikidwa pampando pafupi ndi tebulo, atavala jekete lakuda. Anayang'ana bulugama uja mpaka kunsonga n'kugwedeza mutu moyamikira, tcheyamani n'kumwetulira. Mnzanga anatsegula wailesi, kenaka anabwerera m'mbuyo n'kuika manja kumsana, kuti aliyense aone kuti sakuikhudza.

Mtsogoleri atayamba, mawu anabwera oyera. Anapereka moni, anathokoza amayi, anayamba za ulimi. Ndinamva mayi wa kusitolo akupuma kumbuyo kwanga. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tcheyamani ananena zoona. Kenaka mawu anafufuma, anagawanika, ndipo kulira kuja kunabwera, kokwera kuposa kale, pakuti waya wamtali unkakoka zonse ndi mphamvu.

Ulendo uno panalibe wotsokomola. Anthu anauma ngati zitsa. Mayi wina anatseka pakamwa pa mwana wake wa kumsana ngakhale mwanayo anali m'tulo. Ndinkamva chingwe cha mbendera chikumenya mtengo. Mnzanga anaima chomwecho, manja kumsana, maso ali patebulo, mpaka kumapeto.

Mlendo anamvetsera zonse osasuntha. Zitatha anaimba m'manja, ife n'kutsatira. Anaimirira, anakonza jekete, n'kufunsa mwaulemu kuti wailesiyi ndi ya yani. Tcheyamani sanatchule dzina. Anangotembenuza mutu. Wailesi anaikweza m'galimoto kutsogolo, pampando, yokutidwa ndi nsalu yoyera ija. Mwini wake anamukweza kumbuyo.

Sitolo inatsekedwa. Mayi wa kusitolo uja anadikira mpaka katundu anatha, kenaka anapita kwa abale ake kuchigwa ndi ana. Ine ndinalemba makalata ofunsa kumene mnzanga ali. Makope ake ndili nawo, mayankho ndilibe, chifukwa sanabwere. Munthu wina wondifunira zabwino kuntchito anandiuza kuti ndisiye kuwononga masitampa.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi chimene chinachitika pa zolankhula zotsatira. Wailesi pamsika panalibe, choncho tcheyamani anabweretsa yake. Anaiika patebulo patsinde pa bulugama uja, n'kuitsegula motsitsa kwambiri moti ngakhale okhala kutsogolo sankamva kanthu. Iye yekha anaika khutu pafupi. Tinakhala pansi m'fumbi, zipewa m'manja, kumvetsera chete. Akaimba m'manja, tinkaimba. Akagwedeza mutu, tinkagwedeza. Anali atadziwa kuti wailesi yake nayo ikulira chimodzimodzi, ndipo tonse tinkadziwa kuti akudziwa. Tinachita zimenezi kangapo konse.

Patapita miyezi, tsiku lina mawu anangoyera okha. Ena anati anaona galimoto ikukwera phiri la mlongoti watsopano. Wina anakonza chimene chinalakwika, n'kutsika, n'kupita kukadya. Sipanalengezedwe kanthu, pakuti chinthu chimene sichinawonongeke sichikonzedwa. Mawailesi akufa aja anauka m'nyumba zonse. Mnzanga anali adakali kumene anali.

Anabwera patapita zokolola zingapo. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe, osati nkhope. Khutu limodzi linali litagontha, ndipo polankhula naye ankatembenuza mutu ngati nkhuku. Sananene kumene anali, nanenso sindinafunse. Ndinamupatsa tiyi n'kumuuza kuti kapu ndatsuka kawiri. Anamwetulira pang'ono, mochedwa. Kunyumba yoyandikana kunkalira wailesi, yoyera bwino, ndipo anandipempha kuti tikakhale kuseri. Ndinamutulutsira chitini chake. Anatenga makhadi, chifukwa popanda khadi sakanakwera basi. Lisiti ya wailesi anaiyang'ana n'kundibwezera. Anatsikira kuchigwa kwa mkazi wake, ndipo sanabwererenso kuno. Uthenga wa maliro ake ndinaumva pa wailesi, dzina la mudzi lomveka bwinobwino.

Nditamusimbira mwamuna wa mdzukulu wanga zonsezi, ndinamutengera pamene panali sitolo. Pano pali ogulitsa mayunitsi. Anaima pamene panali khonde, anayang'ana kachipangizo kake, n'kunena kuti apa ndi pamodzi mwa malo ovuta, pakuti milongoti yawo ili pamapiri omwewo. Tinatsikira kumunsi kwa thanthwe, kumene tsopano kuli munda wa kachewere, ndipo anati kuno kuli bwino. Ndinamufunsa chimene chimachitika akapeza malo otere. Anati amalemba lipoti, anzake n'kukwera kukasintha kachedwedwe ka mlongoti umodzi, basi. Ndinafunsa ngati mwini foni amafunsidwa kanthu. Sanamvetse funsolo.

Ndinamuuza kuti andilembere papepala zimene wapeza, atchule malo, asaine. Mnyamatayo ndi woona mtima. Anati, "Agogo, izi ndi za mafoni. Sizikutsimikizira kanthu za wailesi ya nthawi imeneyo."

Ndinamuuza kuti ndikudziwa, alembe basi. Analemba atatsamira thanthwe lija. Pepalalo ndaliika m'chitini pamodzi ndi lisiti. Tcheyamani anamwalira, mlendo wa jekete lakuda sindinamve za iye, ndipo mayi wa kusitolo maso anachita khungu. Ndatumiza mawu kwa ana ake kuti mvula ikatha nditsikira kuchigwa, ndikamuwerengere ndekha.